Mtedza wa sukulu ugule laimu kapena upulumutse mwana?

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa Giredi 7 kuno ku Chikomeni. Ndinachokera ku Chipata chaka chatha, ndipo Chitumbuka ndimangochitolatola. M'kalasi mwanga muli mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, ndimutche Tryphena ngakhale si dzina lake. Anali wanzeru, wolongolola. Mu Febuluwale mlongo wake wamng'ono anakokoloka pamtsinje, ndipo tsikulo amene ankamulera anali Tryphena yemweyo. Chichokereni pamaliro anatseka pakamwa. Sadya, amadzizula tsitsi, ndipo mvula ikamagunda pamalata ankalowa pansi pa desiki.

Ndiulule kulakwa kwanga. Poyamba ndinayesa mwano, ndinamukwapula kawiri chifukwa chosayimba nawo pamzere m'mawa. Kenaka mayi ake, a NyaZgambo, anabwera kudzapempha kuti apume masiku angapo akamuimbire ng'oma za vimbuza. Ine ndinayankha kuti zimenezo ndi zachikunja, mwanayo akufunika chipatala cha amisala. Anandiyang'ana nati, "Yayi aticha, mwana wanga si wofuntha. Imwe a ku Chipata mudziwa chani?" Kuyambira pamenepo amandizemba. Bambo ake akuti ng'oma zikalephera amuchotsa sukulu, mayeso a Novembala asalembe.

Ndamva kuti kuchipatala cha pa boma kumabwera dokotala wa matenda a maganizo kamodzi pamwezi. Pakufunika ndalama za basi ndi kamba wa mayi ndi mwana, mwina maulendo angapo, ndipo kwawoko alibe. Koma munda wa sukulu watipatsa mtedza wambiri, womwe Tryphena analima nawo. Nditapempha matumba awiri okha kuti tigulitse tipeze ndalamazo, a Mtonga, apampando a komiti ya makolo komanso a Chipani m'dera lino, anati, "Madamu, nshawa zonse ni za laimu na mbendela. A Gavanala akabwela apeze zipupa zakuda? Kodi muli mbali iti imwe?"

Funso limenelo landiopsa, Aphungu. Komiti ikumana kumapeto kwa mwezi uno. Ndilankhulenso, kapena ndisunge ntchito yanga?

J.M., Chikomeni, Lundazi

Mayi J.M.,

Zikomo poulula za ndodo zija, ambiri akanabisa. Koma nkhaniyi mwaiyambira kumchira. Mukumenyera mtedza pomwe mwini mwana sakukupatsani ndi moni womwe. Matumbawo atakupatsani lero, akwere basi ndani?

Yambani ndi a NyaZgambo. Pezani mayi wachikulire wa m'mudzimo akuperekezeni, mukakhale pansi, munene monile m'Chitumbuka chawo, mupepese. Za ng'oma musatsutsenso. Mayi uja anaona kuti mwana akudwala inu mukadali kumukwapula, ndipo anathamangira kumene iye akudziwa. Akupambanani pamenepo. Muwapemphe kuti ng'oma zilire, koma kuchipatala apitenso. Liwu loti misala mulisiye panyumba. Ine si dokotala, koma ndikuona mwana wosenza chisoni chomupitirira msinkhu, ndipo ndikukayika ngati alipo anamuuzapo kuti imfa ya mlongo wake si mlandu wake. Muuzeni inu, ngakhale asayankhe. Mumupepesenso pa ndodo zija.

Makolo akavomera, pemphani amene amayang'anira kachipatala ka kwanuko akulembereni kalata yonena kuti mwanayu aonedwe msanga. M'mera mpoyamba. Chimene lero chikufuna maulendo atatu a basi, mukachedwa chidzafuna zaka.

Tsopano a Mtonga. Munawafunsa pagulu kodi? Munthu wamkulu sagonja anthu akuona. Apezeni kwawo, kalata m'manja. Laimu wopaka zipupa agule ndithu, mbendera nazo zipachikidwe. Inu mungopempha kuti chaka chilichonse matumba awiri azipatulidwa kukhala thumba la ana odwala, ndipo adzalilengeze okha pamaso pa a Gavanala ngati nzeru zawo. Suja pamisonkhano amati munthu ndiye woyamba? Akumbutseni mwaulemu. Kutamandidwa atenge iwo, inu mukufuna mwana. Akakana, musalimbane nawo. Pitani kwa amayi a mpingo, mbale imodziimodzi ya mtedza imadzaza thumba. Ntchito yanu sindingalumbire kuti ili pabwino, koma mukayenda motere palibe angakuneneni kuti mwanyoza Chipani.

Chenjezo langa ndi ili. Pamsonkhano wa komiti musatchule dzina la mwanayu, ngakhale akukakamizeni chotani. Mukalitchula, mtedza mudzaupeza, mwina adzachira ndi kukhoza mayeso. Koma adzakula, adzakwatiwa, adzabereka, ndipo akamadutsa pachitsime anthu azidzanong'onezana kuti, "Wofuntha uja wa aticha ni uyu."

Aphungu