Mawu Anu Anadukira Panjira

Amayi, kodi kumeneko kwacha bwanji? Kuno ku Nkope tilipo, kupatula chifuwa chimene chazungulira mudzi wonse. Ndine Asiyatu, mwana wanu woyamba. Ndikudziwa kuti simunkawerenga, koma ndikukhulupirira kuti kumeneko simungasowe wokuwerengerani, poti inu simunkachedwa kupeza anzanu ngakhale pamzere wa kuchipatala.

Ndiyambe ndi zabwino. Mimba ija munaisiya isanaoneke inabala mwana wamkazi, dzina lake Halima. Watenga makutu anu, ndipo akakwiya amakweza nsidze imodzi monga munkachitira inu munthu akatchula mtengo wachibwana wa usipa. Chimanga tinakolola chochepa, mvula inadula ngaiyaye zikutuluka. Nyanja nayo yakwera mpaka yameza malo aja panali thandala lanu loyanikapo usipa. Mitengo yake ndinazula, ili kuseri kwa bafa, sindikudziwa kuti ndikuisungiranji. Ntchito ya ku loji ku Nkopola ndikugwirabe, ya muofesi yomwe ija yolemba mayina a alendo.

Koma chimene ndakulemberani si chimenechi. Amayi, uthenga wa maliro anu sunafikebe kwanu ku Mozambique. Chaka chatha ndi miyezi. Munatiuza kangapo konse kuti, “Ndikadzafa mukawauze kwathu, asamandiwerenge pa amoyo.” Pa sadaka yanu ya chaka a shehe anandiitanira pambali n’kufunsa kuti, “Mayi a Halima, kodi abale awo a malemu anamva?” Ndikanati chiyani? Mudzi wanu sitikuudziwa dzina, ngakhale dzina lenileni la mng’ono wanu amene munasiyana naye pothawa nkhondo. Moyo wanu wonse tikakufunsani munkangoti, “Za uko zisiyeni, idyani.”

Munadzanena kamodzi kokha, Lachisanu lija mutayamba kudwala, Yusufu atabwera kuchokera ku Joni kudzakuonani. Mwana wanu uja anakukhazikani pakhonde, n’kuika foni yake pamkeka kuti ijambule mawu, iye n’kuthamangira ku mzikiti. Ine ndinali kuseri, ndikuchapa yunifolomu. Munalankhula nokha ndi foni maola awiri. Iye atabwerako munamuuza kuti, “Ndanena zonse, mayina onse ali m’kanthu kakoka.” Tonse tinati tidzamvera bwino tsiku lina. Mutamwalira, Yusufu analephera kutsegula, akuti mtima sunkamulola. Inenso sindinamukakamize.

Ndiye tamvani mmene zinthu zayendera. Foni ija anamulanda achifwamba ku Joni. Mwayi wake, mawu anu anali atawasunga pa kompyuta ina ya pa intaneti, imene amaitcha seva, ya pashopu yokonza makompyuta pamene ankagwira ntchito. Kenako shopuyo inatsekedwa. Yusufu pano akuthyola mphesa kufamu ina kutali ndi tauni, ali ndi kafoni ka mabatani basi. Mwezi wathawu ananditumizira uthenga: “Achemwali, abwana akale akuti seva azimitsa Lachisanu lomaliza la mwezi uno. Tsitsani mawu a Amayi msanga, laputopu ija ndinasiya ikugwira.”

Kutsitsa, Amayi, ndiye kuti kukoka chinthu pa intaneti kuti chikhale mu kompyuta yako. Ena amati kudawuniloda. Ine ndinati n’zosavuta, si ndimagwira muofesi? Ndinafukula laputopu ija m’sutikesi yanu, batire lake linafa kalekale, imayaka pokhapokha ili pamagetsi. Kunyumba kuno netiweki mukuidziwa, mpaka ukwere pachulu. Ndinakapempha abwana ku loji, iwo anati intaneti ndi ya alendo, koma andilola ola limodzi masana alendo akapita panyanja. Masiku awiri oyamba ndinkangodina pa adiresi imene Yusufu anatumiza. Chinthucho chinkayenda pang’ono n’kufa, n’kusiya kafailo kosatseguka.

Yusufu anati, “Siyani zodinadina, failoyo ndi yaikulu. Tsegulani kawindo kakuda kaja, mulembe zimene ndikutumizirenizi, osasintha ngakhale kadontho.” Kawindo kameneko mukanakaona mukanati ndayamba zamatsenga. Mulibe chithunzi, mulibe podina, mdima wokhawokha ndi kamzere kophethira, kudikira kuti ulembe. Ndinakopera pakapepala, kenako n’kulemba ndi chala chimodzi: wget, mpata, -c, mpata, kenako adiresi yaitali yothera ndi dzina la failo, amayi.wav. Kawiri konse ndinaphonya chilembo, iko n’kundikanira m’Chingerezi. Kachitatu kanavomera. Panatuluka kamzere koyenda pang’onopang’ono kuchokera kumanzere, ndi nambala yosonyeza maperesenti amene afika. Ndinaseka ndekha muofesi, ndinati Amayi anyamuka ku Joni, ali m’njira.

Ola litatha, nambala inali pa 22. Alendo anabwerako, ndinazimitsa. Mawa lake nditayatsa ndinapeza failo ya dzulo ija ili pomwepo, yosatha. Apa ndi pamene mwana wanu ndinalakwa, ndipo ndinalakwa chifukwa chokumverani. Mukukumbuka mmene munkachitira ndi usipa umene mvula yaupeza pathandala? Ine ndinkafuna kuuthira m’thumba limodzi ndi wouma, inu n’kundimenya padzanja. “Wosauma sulowa m’thumba mwanga, Asiyatu. Taya, uyanike wina.” Mpaka lero chinthu chosatha sindichisunga, kaya ndi kalata ya muofesi, kaya ndi chiyani. Yusufu anali atandiuzanso kuti laputopuyo yatsala pang’ono kudzaza, ndizichotsa zosafunika. Ndiye ndinaifufuta failo ija bwinobwino, n’kukhuthulanso kabini kake ka zinyalala, kuti ya lero ibwere pamalo oyera.

Ndinachita zimenezi masiku asanu ndi anayi, Amayi. Tsiku lililonse kamzere kankayambira pa ziro. Lina kankafika 25, lina 18, lina magetsi ankazima pa 9 laputopu n’kuthima ngati nyali. Ine ndinkangoti vuto ndi ola lochepali, tsiku lina netiweki idzathamanga ndipo zonse zidzalowa kamodzi. Ndinkasiya kudya masana, n’kumakhala pamenepo kuyang’anira nambala ngati mphika wa mkaka. Ndinayesa kuika laputopu pawindo, ndinayesa kuipemerera ndi katoni ikatentha, ndinapemphera ndi dua yomwe. Yusufu akafunsa pa uthenga ndinkangoyankha kuti, “Zikuyenda pang’onopang’ono,” nambala ndinamutchulira kamodzi kokha. Iye n’kumaganiza kuti zikuunjikana.

Lachinayi, kutatsala tsiku limodzi, anabwereka foni ya mnzake n’kundiimbira. “Achemwali, pano mwafika pati?” Ndinati, “Lero pa 23.” Anati, “Bwanji 23? Sabata yatha munati 25.” Ndinamufotokozera mmene ndimachitira, monyadira ndithu, kuti ndimayamba ndachotsa zadzulo. Kenako anati, “Achemwali, ka -c kaja ntchito yake ndi yomweyo. Kamayang’ana chimene chilipo kale n’kupitiriza pamene munalekera. Masiku asanu akanakwana.” Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangoti, “Inenso ndine wolakwa, sindinakuuzeni. Ya leroyo musaikhudze.” Ndinamva akufwenthera, kenako mwini foni anaifuna.

Anayesa kuwapempha abwana ake akale kuti awonjezere masiku, koma nambala yawo sinkalowa. Kufamuko galimoto yopita m’tauni imanyamuka Loweruka lokha. Ine Lachisanu ndinakagwada kwa abwana anga n’kuwauza zonse. Ndi munthu wouma mtima pa za ntchito, koma anati, “Mayi, tengani tsiku lonse, alendo ndiwauza kuti intaneti yavuta.” Ndinalemba mawu aja, ndipo kwa nthawi yoyamba kamzere sikanayambire pa ziro. Kanadumphira pa 23 n’kumapitirira. Ndinagwira pakamwa. Chinthu chophweka chonchi, masiku onse aja!

Pa 30 magetsi anazima. Jenereta ya pa loji amaiyatsa madzulo okha, ndipo mafuta ake anali asanabwere kuchokera ku Mangochi. Ndinakhala pampando kuyambira m’mawa mpaka dzuwa kupendeka, manja ali pamiyendo. Panalibe woti ndimuthamangire, panalibe choti ndinyamule kapena kukankha. Inu munkati vuto likabwera umvekere chitenje ulipite kutsogolo, koma ili linalibe kutsogolo kwake. Magetsi atabwera ndinalembanso, kanayambira pa 30 pomwepo. Kanafika 35, kenako 40. Pa 41 nambala inaima. Kawindo kaja kanayesa kokha mobwerezabwereza, kenako kanayamba kulemba kuti uko kwakana. Ndinalembanso kakhumi kapena kuposa, yankho lomwelo. Munthu wina ku Joni anali atazimitsa makina ake n’kupita kwawo, osadziwa kuti wakutsekerani pakamwa.

Yusufu anandiuza kuti failo ya mtundu umenewu imalira ngakhale ili yosatha. Zimenezonso sindinkazidziwa, masiku onse aja ndinkataya mawu anu osawamva n’komwe. Loweruka m’mawa ndinakhala pakhonde lomwe lija, Halima ali pamiyendo, n’kutsegula.

Amayi, ndinu. Mukuyamba ndi kufunsa kuti, “Kodi kakumva kameneka?” Mukutsokomola, mukuthamangitsa nkhuku. Kenako mukusimba, Chiyao ndi Chichewa mosakaniza monga mwa masiku onse. Mukuti kwanu kunali mtsinje wosaphwa, ndi mitengo itatu ya mango pabwalo la mzikiti wa udzu. Mukuti munayenda tsiku limodzi ndi theka kuti mufike ku Chiponde, mutasenza mphika ndi mkeka. Mukuti mng’ono wanu anabwerera panjira kukatenga mbuzi, ndipo simunamuonenso. Mukungomutchula kuti “mwana uja”. Zonsezi sindinkazidziwa, ine mwana wanu wa zaka makumi atatu ndi zisanu.

Kenako mukuti, “Mayina ndinena akabwera Asiyatu. Yusufu ndi mbalame, koma Asiyatu saiwala.” Mukuitana, “Asiyatu! Iwe Asiyatu!” Ndipo chapatali, pamodzi ndi phokoso la madzi m’beseni, akumveka mawu anga: “Ndikubwera, Amayi, ndingomaliza kuchapaku!” Inu mukuti, “Chabwino, ndidikira.” Ndiye mukudikiradi. Mukumveka kupuma, nkhuku ikulira, mukung’ung’udza kanyimbo. Mukuitananso kachiwiri, motsitsa. Pamenepo mawu akuduka. Failo yathera pomwe mukundidikira.

Sindinabwere tsiku limenelo. Nditamaliza kuchapa ndinaona kuti nthawi yatha, ndinatulukira kuseri kuthamangira minibasi. Ndikudziwa kuti pambuyo pake munatopa n’kunena mayinawo kwa foni, poti munamuuza Yusufu kuti zonse zilimo. Zili m’gawo limene silinafike. Ndamvera kasanu ndi kawiri tsopano, ndipo nthawi iliyonse ndimayembekeza kuti mwina lero mupitiriza. Ndikumva chisoni, Amayi, ndiponso manyazi. Kawiri konse mwandipatsa mayina amenewa, kawiri konse ndawataya ndi manja anga, ndipo maulendo onse awiri ndinali wotanganidwa ndi kuyeretsa.

Yusufu akuti akapeza ndalama ya basi adzapita kukawafunafuna abwana aja, mwina makinawo sanawafufute. Akulankhula mondilimbitsa mtima chabe, ndikumudziwa. Ine kawindo kakuda kaja ndimakatsegulabe masana ena n’kulemba mawu omwe aja. Kamayankha chimodzimodzi.

Chimene ndingathe ndi chochepa. Failo yosathayi ndaikopera pa kamemore kadi, ndakakulunga m’kansalu n’kukaika m’sutikesi yanu, ina ili mu foni yanga. Iyi yokha sinditaya, ngakhale ndi yosauma. Mvula ikatha ndidzabereka Halima n’kukwera galimoto ya ku Chiponde. Ndikakhala pamsika ndi kuwamvetsa amayi achikulire ochokera tsidya linalo mawu anu, ndi kuwafunsa za mudzi wa mtsinje wosaphwa ndi mango atatu pamzikiti, ndi za mtsikana amene anabwerera kukatenga mbuzi. Mwina adzandiseka. Midzi ya mango atatu ilipo yambiri, ndipo sindikudziwa ngati mng’ono wanuyo ali moyo. Ngati muli naye kumeneko, muuzeni nokha, mundipeputse katunduyu.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani. Tsiku lija ndinakuyankhani kuti ndikubwera. Ulendo uno beseni ndilisiya pomwepo.

Ndine mwana wanu,
Asiyatu