Mayi Deborah Ransome Atisiya Mlandu wa Manda Uli M'khoti

Kwa banja la a Ransome ku America, ndi kwa anthu onse a ku Thyolo,

Ife a Bungwe la Othyola Tiyi a ku Khonjeni tinamva za imfa ya mayi Deborah Ransome tili m'munda, madengu ali kumsana, ndipo kuyambira tsikulo palibe amene mtima wake wakhala pansi. Kalanga ife, tagwira njakata!

Mayi Ransome, mdzukulu wa anthu amene anatengedwa ukapolo, anali mkazi woyamba wachikuda kukhala loya m'tauni ya kwawo, pa nthawi imene alonda a kukhoti ankawayesa wosesa, n'kumawalozera khomo la kuseri. Iwo analowera kutsogolo kwa zaka makumi anayi, ndipo anasula maloya achikuda ambiri. Atapuma pantchito anabwera kuno, natiphunzitsa kusadinda chala papepala limene sitinawerengeredwe. Anathandizanso Lilly Muhiwa, mwana wa wothyola tiyi mnzathu, mpaka naye anakhala loya chaka chatha.

Esiteti ina itafuna kugalawuza manda a makolo athu ochokera ku Mozambique kuti ibzalepo makadamiya, ponena kuti palibe chiliza chooneka, mayiwa analowa nafe m'thengomo ndi ndodo yawo. Anandiuza ine, wapampando wa bungweli, kuti, "A Reinford, manda opanda chiliza ndi manda ndithu. Tchulani dzina, ine ndilembe." Analemba mayina 63, la mayi anga lili pomwepo.

Mlandu wa mandawa ukulowa m'khoti Lachiwiri, tsiku lomwe inu mukuika thupi lawo m'manda. Tikagonja, thalakitala ilowa. Lilly, amene akutiimira pamlanduwu, sanaimepo yekha pamaso pa woweruza, ndipo dzulo anandiuza kuti, "A Tcheya, ndikuopa, koma mapepala ndikuwadziwa." Kunena zoona, nanenso ndili ndi mantha.

M'malo mwa mamembala onse, ndikupepesa kwa inu ana, adzukulu ndi abale, ndipo ndikupempha Chauta kuti akulimbitseni mitima. Kuno kwathu tsiku la maliro munthu sapita kwina, amakhala pasiwa. Mutikhululukire, ife Lachiwiri sitikhala. Tidzaika masamba pamsewu monga tichitira akamwalira wathu, kenaka tidzaperekeza Lilly mpaka alowe m'khoti pakhomo la kutsogolo.

Mzimu wawo uuse mumtendere.

Reinford Nakhumwa
Wapampando