Pakati pa Mawodi Awiri

Lolemba, 5 Juni

Ndikulemba ndili pabenchi, kuchipatala cha ku boma. Ndikapanda kulemba mutuwu uphulika.

M'mawa Hector, mlongo wanga wamng'ono, anadzatenga Yewo wanga kupita naye kusukulu pa njinga yamoto, ngati masiku onse. Anamukhazika kutsogolo, pathanki. Pamsewu wochokera ku Wimbe anadutsana ndi lole ya mabelo a fodya, fumbi lili koboo, ndipo m'fumbimo munali ngolo. Sanaione. Yewo wathyoka mkono, wang'ambikanso pamphumi. Hector ntchafu ndi chiuno, satha ngakhale kutembenuka. Mwana ali kuwodi ya ana, mlongo kuwodi ya amuna. Okala yanga ku Mtunthama ndaisiya yosatseka, kaya.

Lachiwiri, 6 Juni

Yewo amumanga chikhakha. Phala akumwa. Akuti, "Amama, ankolo abwera liti adzandione?"

Bambo ake a Yewo, amuna anga a Dominic, sanapondeko kuwodi ya amuna. Akuti munthu wopanda laisensi, wopanda helemeti, kunyamula mwana wawo ngati thumba la feteleza. Ndawafunsa kuti chaka chonsechi amene ankaima pakhonde n'kumabayibitsa mwanayo ali pathanki anali ndani? Angondiyang'ana ndi diso lija amayang'anira ana a Sitandade 8 amene amawaphunzitsa. Ine si mwana wawo wasukulu.

Lachitatu, 7 Juni

Kwabwera wapolisi wa pamsewu, a Sunganani, munthu wolankhula mofatsa mpaka kukwiyitsa. Ndawauza kuti taonani mmene alili munthuyu, ululu womwewu sukukwana? Akuti, "Mayi, kuvulala sikufufuta mlandu." Laisensi palibe, inshuwalansi palibe, njingayo ilibe ndi nambala yomwe. Akuti zimenezo mwina n'za faindi, koma kuvulaza mwana n'kwina, ndipo bambo a mwanayo adandaula kale, akufuna zipite kukhoti. Makolo onse awiri mutagwirizana zokambirana kunyumba, akuti, zimapepukako. Apo ayi, akangoima pandodo tidzamutenga.

A Dominic kupolisi anapita dzulo, osandiuza. Zandiwawa kwambiri.

Hector njingayo anagula Ogasiti watha, atagulitsa fodya. Ankati za mapepala adzakonza akagulitsa wa chaka chino. Wa chaka chinoyo ali m'chigafa, wosamanga.

Lachinayi, 8 Juni

Miyendo yatupa. Kuwodi ya ana, kukhitchini ya magadiyani, kuwodi ya amuna, kubwereranso. Sindinasambe.

Lachisanu, 9 Juni

Apongozi afika kuchokera ku Nkhamenya ndi nthochi komanso mawu. Angokhala pansi, amugwira Yewo kumutu, n'kuti, "Mwana uyu ngwithu." Chitumbuka chawocho ndachimva: akuti mwanayu ndi wawo. Kwathu malume ndiye mwini mbumba, kwawo mwana ndi wa bambo, ndipo zaka zonsezi tinkangoseka nazo zimenezi. Lero palibe waseka.

Kenako a Dominic, pamaso pa mayi awo: "Amake Yewo, mwana wanu ali kuno. Kuwodi ija musakapondekonso."

Ndati, ndiye adye chiyani? Amupatse madzi ndani? Mayi athu anapita, bambo anapita, mkazi alibe. Anzake amene amachita nawo kabaza anabwera tsiku loyamba lokha, atangomva kuti apolisi akuzungulira onse anazimiririka. Muno munthu wopanda gadiyani amangoyang'ana kudenga. A Dominic akuti zimenezo akanaziganiza asanakweze mwana.

Ndapitabe, mozemba, pomwe apongozi amawodzera. Munthu wamkulu ine kuzembera ngati ndikupita kwa chibwenzi, chonsecho ndikukapereka phala kwa mwana wa mayi anga.

Mwayi wanga ndi a Levison, bambo wachikulire wa ku Njombwa amene akudwazika mwana wake pabedi loyandikana ndi la Hector. Nayenso mwanayo ndi za njinga zomwezi, anamenyetsa mutu. A Levison ndi amene akumusambitsa Hector ndi kumuikira chitini akafuna kudzithandiza. Akuti, "Izi si za mlongo, mayi. Inu muzingobweretsa chakudya." Mulungu awadalitse.

Loweruka, 10 Juni

Mwana wa a Levison wamwalira masana. Amutulutsa atamufunditsa nsalu, bambo ake akutsatira pambuyo ndi kachikwama ndi mbale. Pakhomo abwerera kudzagwira Hector dzanja.

Hector wayang'ana bedi lopanda munthulo. Kenako akuti, "Achemwali, kundende anthu a mwendo ngati uwu amagona pati?" Ndamukalipira kuti asiye zopusa, adye. Ndatuluka n'kukalira kuseri kwa thanki ya madzi.

Lamulungu, 11 Juni

Hector ndinamupeza atadziipitsira. Anadzigwira kuyambira m'mawa, kuchita manyazi kupempha, mpaka zinamukanika. Manesi ndi ochepa, wodi ndi yodzaza, amene ndinamuitana anali ndi wodwala wina wotaya magazi. Magadiyani aamuna aliyense ali ndi wake.

Ndiye ndachita ndekha. Ndatunga madzi, ndatchinga ndi chitenje. Amuna a m'mabedi enawo atembenukira kukhoma, ndipo ndikuwathokoza. Hector anadziphimba kumaso ndi pilo, akungoti, "Pepani achemwali, pepani." Ndati khala chete iwe, ndinakusambitsa uli khanda, chachilendo n'chiyani. Koma ndimanama. Zinali zachilendo, ndipo mtima unandiwawa ngati ndikusambitsa maliro.

Pobwerera apongozi anandinunkhiza m'manja ndi maso. Sopo wa kuwodi ija ali ndi fungo lakelake. Madzulo ndinawaona akunong'onezana ndi a Dominic panja.

Lolemba, 12 Juni

Adokotala anadutsa m'mawa, anati Yewo akhoza kutuluka lero, adzabwerenso kudzachotsa chikhakha. Yewo anavina pabedi ndi mkono umodzi. Ndinawagwadira a Dominic pakhonde, kugwada kwenikweni anthu akuona, kuti tiyeni kwa a Sunganani tikanene kuti tikambirana kunyumba. Anati, "Dzukani, mukundichititsa manyazi. Mwasankha kale."

Ndinauza Yewo kuti ndikubwera pompano, ndikungokawatembenuza ankolo. Anati ndiwauze kuti chikhakha chake anzake achilemba maina. Kumeneko ndinachedwa, nsalu zinali zofunika kusintha, madzi pampopi anali pamzere.

Nditabwerera, pabedi la Yewo panali mwana wina, wamalungo, mayi ake akumupepesa. Chikwama chathu palibe, bulangete palibe. Anesi akuti, "Bambo ake amutenga, ndi agogo ake. Amati akupita ku Nkhamenya. Simunatsanzikane?" Ndinathamangira kugeti. Alonda akuti minibasi yanyamuka kale. Foni ya a Dominic ikungoitana.

Ndinalibe kwina kopita, ndinabwerera kuwodi ya amuna. Ndapeza a Sunganani atakhala pampando pafupi ndi bedi, akumufunsa Hector mafunso, iye akungovomera chilichonse. Atandiona, Hector wadzutsa mutu.

"Achemwali, Yewo ali bwanji lero?"

Ndati ali bwino, wagona.