Atandimana anati ndipirire, lero akuti wankhanza ndine

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimagulitsa kaunjika ku Chilomoni. Ndisanatenge pakati pa mwana wachiwiriyu, amuna anga a Feston adatha miyezi yambiri akugona pabalaza, osandikhudza, chifukwa choti ndidawafunsa za uthenga wina wa pafoni yawo. Nditakadandaula kwa ankhoswe athu a Hawkins, omwe ndi malume awo, adangoseka. Adati: "Mayi, zimenezi mkazi sadandaula. Mwamuna amatopa, pirirani." Ndidabwerako ndi manyazi.

Mwezi watha ndidabereka kudzera pa opaleshoni. Bala silinapole ndipo anamwino adati ndidikire. Koma bambowo akuti nthawi yotenga mwana yakwana, tigonane kuti khanda likhwime. Nditakana, adaitana a Hawkins omwe aja. Ulendo uno sadaseke. Adati: "Kumana mwamuna ndi nkhanza za m'banja, masiku ano n'zokasuma. Mwanayu akadwala tsempho, mlandu ndi wanu."

Andiuza kuti pofika Loweruka ndivomere, apo ayi ndilongedze ndizipita kwa amayi ku Nancholi. Mutu wanga waima, Aphungu. Kodi wankhanza ndinedi?

M.K., Chilomoni

A M.K.,

Kalata yanu ndaiwerenga kukamwa kuli yasa. Pakamwa pomwe padatuluka "pirirani" ndi pomwenso pakutuluka "nkhanza"? A Hawkins ali ngati venda wa mbale ziwiri, yaikulu yogulira, yaing'ono yogulitsira.

Ndinene mosapsatira. Kumana mnzako dala pofuna kumukhaulitsa kumapweteka, achite ndi mwamuna kaya mkazi, ndipo n'zimene adakuchitani a Feston. Inu simukukhaulitsa munthu, mukudwala. Wankhanza si inu.

Lisanafike Loweruka, atengeni bambowo mupite nawo kusikelo akadzimvere okha kwa anamwino za balalo, akafunsenso ngati khanda limakhwima ndi zimenezo. Kenako itanani ankhoswe a kwanu. Nkhani ya banja saweruza a mbali imodzi, ndipo ndadabwa kuti a kwanu sakutchulidwa paliponse. Pamaso pa onse, afunseni a Hawkins modekha chifukwa chake madandaulo anu aja adali oseketsa.

Bambowo akayesa kukukakamizani, nkhanza zenizeni ndi zimenezo. Musabise, kaneneni kupolisi, ndipo kupita ku Nancholi kukachirira si kutha kwa banja.

Chenjerani, mwana wanga, musavomere chifukwa choopa Loweruka. Bala limenelo likang'ambuka, wokagona kuchipatala ndinu, ndipo a Hawkins sadzabwera kudzayamwitsa khandalo.