Mchimwene Wanga wa ku Kamunda ka Ana

Lolemba, 2 Novembala 1987

Mvula chiyambire m'mawa. Amayi masupuni awiri a phala, basi. Dokotala akuti yawatsalira sabata imodzi, mwina ziwiri.

Ndikuwapukuta kumsana andiuza zomwe sindinamvepo zaka zanga zonse 51. Ine si mwana woyamba. Analipo mnyamata, mu 1934. Anapuma ola limodzi n'kutsamaya wansembe asanafike. Wosabatizidwa, ndiye kumanda a tchalitchi ayi. Bambo anakamuika ku kamunda ka ana, manda a makanda osabatizidwa, kugombe kuja ankatiletsa kusewerako. Mwambo wake unali womwewo: bambo wa mwana amakaika yekha, mayi sauzidwa malo, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Attracta, ukam'peze. Mudzam'goneke pachifuwa panga."

Ndakwiya. Ndakwiyira ndani, kaya.

Lachitatu, 4 Novembala

Kwa Bambo Mfumu. Akuti masiku ano palibe choletsa, ndikam'peza amudalitsa. Masiku ano! Anena uku akupaka batala pa buledi. Ndaluma lilime.

Wotsala yekha amene analipo tsiku lija ndi a Festy Mulkerrin, zaka 84. Ndiwo anawanyamulira bambo fosholo.

Lachinayi, 5 Novembala

Ndawatenga a Festy. Mphepo yobaya m'mafupa. Timiyala toyera mbwee mu udzu, topanda dzina ngakhale kamodzi. Tina akuti n'ta nthawi ya njala yaikulu, zaka zoposa 100 zapitazo. Ndawerenga mpaka 60 n'kusiya. Nkhosa za eni zikudya pamwamba pake, zilibe nazo ntchito.

A Festy akuti bambo anayeza mapazi khumi kuchokera pa khoma la kunyanja. Ndayang'ana, khoma palibe.

"Khomalo linapita ndi namondwe wa '61, mwanawe, pamodzi ndi mizere iwiri ya ana. Mchimwene wakoyo mafunde anamuwolotsa nyanjayi, ali ku Amereka. Anatsatira anzake onse a m'mudzi muno osamukira kumeneko."

Aseka, kenaka kusekako kwasanduka china. Tabwerera kunyumba.

Loweruka, 7 Novembala

Ndakumbabe, m'mphepete mwa phompho. Mchenga, zigoba, fupa la nkhosa. Manja matuza okhaokha. Mkazi wamkulu ndithu kukumba ngati galu.

Ndatola mwala woyera umodzi pamchenga n'kuika m'thumba la jasi. Amayi lero tiyi yekha, wa pasupuni.

Lamulungu, 8 Novembala

Ndanama. Ndaika mwala uja m'dzanja la Amayi, ndati tam'peza, ali m'kabokosi kwa Bambo Mfumu.

Amayi andiyang'ana.

"Bodza sulitha iwe, ngati bambo ako. Malowo ndinkawadziwa. Ndinaona dothi latsopano nditangoyamba kuyenda. Namondwe atadutsa ndinapitakonso, ndinaona ndekha. Ndimangofuna munthu mmodzi am'funefune."

Manyazi andigwira, nkhope yonse kutentha. Ati anam'patsa dzina chamumtima, ngakhale bambo sanawauze. Ayamba kutsokomola. Ine m'malo mokhala pansi ndati gonani Amayi, mundiuza mawa. Ndathawira ku khola la nkhuku kukalira.

Lachinayi, 12 Novembala

Taika maliro a Amayi. Manda anakumba ndi aneba monga mwa mwambo, amuna anayi, wamng'ono mwa onse zaka 60. Mwala uli m'bokosi, pachifuwa pawo.

Anapita Lolemba m'mawa ndikutereka ketulo. Chigonere Lamulungu lija sanadzukenso.

Anthu adya nyama yonse ya nkhumba. Aliyense akuti anali mayi wofatsa, wosadandaula. Eetu.

Lachisanu, 20 Novembala

Ndafufuza m'buku lawo la mapemphero, m'chitini cha makalata, ngakhale kuseri kwa zithunzi. Dzina lija palibe. M'kaundula wa tchalitchi mulibe, angalembemo bwanji. A Festy akuti, "Ana otere sitinkawatchula, mwanawe. Tinkangoti kanthu kaja."

Masiku asanu ndi limodzi ndinali kalikiliki ndi miyala. Funso limodzi lokha silinandibwerere.

Lachiwiri, 24 Novembala

Kwabwera wosema miyala ya pamanda, a Hession a ku tauni. Dzina la bambo lilipo kale pamwalapo. Pansi pake alemba Nuala Coyne, 1906 mpaka 1987. Ndati pakhalenso mzere wina: ndi mwana wawo wamwamuna. Afunsa dzina. Ndati asiye mpata.

Atulutsa tepi yoyezera.

"Mpata wa zilembo zingati, mayi?"