Nyale ya Bambo Anu Yasweka

Amuna anga,

Musadabwe kuti simunandipeze, ndathamangira kuchipatala. Nyale ya bambo anu ija yasweka, ndikafunse ngati ilipo ina. Pepani, wolakwa ndine. Ndinaisendeza pafupi kuti aone bowo la singano, iwo n'kuigunda ndi chigongono. Magalasi ndasesa, komabe asayende opanda nsapato.

Paja adokotala anati ndi matenda awo oiwalaiwalawa, m'mawa uliwonse azikhala powala kwambiri kwa theka la ola, thupi lizidziwa kuti kwacha, mwina usiku angamagone m'malo mozungulira nyumba. Lero dzuwa ligwire ntchito ya nyaleyo. Ndikudziwa mwatopa ndi ntchito ya usiku, koma muwakhazike pawindo la kukhitchini isanakwane 9 koloko, makatani mutsegule onse.

Sangakhale pansi manja ali lende, telala ndi telala basi. Apatseni malaya abuluu ali pampandowo, muwauze kuti kasitomala akubwera masana. Mabatani ali m'kapu. Akatha kusoka muwayamikire, kenako mudule mabataniwo iwo asakuona, mawa tidzayambirenso. Akakufunsani kuti ndinu ndani musakhumudwe, mungoti mwabwera kudzaona malaya.

Theka la ola limenelo ndi lokhalo limene ndimacheza ndi munthu m'nyumba muno. Dzulo anandiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Mayi inu mumabwera tsiku lililonse, kodi mwamuna mulibe?" Ndinaseka, ndinati alipo, timakumana pa timapepala ta pafuriji.

Tiyi ali m'fulasiki. Chonde musagone ndisanafike, ndikuoneniko nkhope. Mawa bambo adzandifunsanso ngati mwamuna ndili naye.

Mkazi wanu