Jenereta ya ku Joni ndi Chambo cha Esinati

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno ku Nkopola tilipo, kungoti bondo lamanzere lija likundivutabe. Chimanga chaka chino sichinachite bwino, mvula inadula chikungoyamba kumasula. Nyanja nayo yadzaza mpaka yameza mchenga uja munkayanikapo zovala. Lusiya, mwana wa mlongo wanga Esinati, wabereka mwana wamkazi ndipo amupatsa dzina lanu. Mphumi yake ndi yanu yomwe.

Koma chimene ndatolera cholembera ndi china. Yohane wanga wotsiriza, uja munamusiya akukwawa, ali ku Joni. Ananditumizira jenereta yofiira, yoyendera petulo, kuti magetsi akazima ndisamakhale mumdima. Ndinaimangira kanyumba kake, ndi tcheni ndi loko.

Mwezi watha magetsi anazima masiku atatu, dzuwa likuswa mtengo. Esinati masiku ano amagula chambo kwa asodzi n'kumasunga m'filiji, kudikira ogula a ku Blantyre. M'mawa wa tsiku lachiwiri anabwera, nagwada pakhomo monga munamuphunzitsira. Anandipempha kuti ndimubwereke makinawo tsiku limodzi lokha, petulo agula yekha, chifukwa nsomba zayamba kufewa. Ndinamuyankha kuti jenereta yawonongeka, ikudikira makaniko wa ku boma. Anangoti chabwino achimwene, n'kunyamuka.

Amayi, sinali yowonongeka. Chimene chinali mumtima mwanga mukuchidziwa. Zaka zitatu ndinkakukwezani pa njinga kupita nanu kuchipatala, Esinati ali ku ukwati ku Namwera. Koma mutatisiya, nyumba, munda ndi mitengo ya mango zonse zinapita kwa iye poti ndi wamkazi. Ine ndinatsala ndi buku lanu la mapemphero ndi mpando wothyoka mwendo. Mwambo ndimaudziwa, sindinatsutse pamaso pa anthu. Koma zaka zonsezi nkhaniyi yangondikhala pakhosi, ndipo inuyo simunasiyeko ngakhale mawu amodzi onena za njinga ija.

Masana a tsiku lomwelo kunali mpira pa kanema. Ukalambawu ndi woipa: bodza langa la m'mawa ndinaliiwala. Ndinatsegula loko n'kukoka chingwe. Inu jenereta simunaionepo, Amayi. Siidziwa kunong'ona, imalira ngati chigayo, ndipo nyumba yanu ija, momwe akukhala Esinati, ili kuseri kwa milambe iwiri basi. Pamene ndinkakumbukira n'kuti mpira uli pakati. Ndinathamanga kukazimitsa, ndipo ndinaona Esinati ataima pamsewu, beseni la nsomba lili pamutu, ntchentche zikumuzungulira. Sanayang'ane kwanga. Anaima pang'ono, kenako anapitirira.

Nsomba zambiri anakwirira kuseri kwa nyumba. Zochepa zimene zinali zisanaole anawamba. Mawa lake anabwera yekha ndi ziwiri zazikulu, zowambidwa bwino, atazikulunga m'nyuzipepala. Anaziika patsogolo panga ndi manja awiri.

"Gawo la mwinimbumba ili, achimwene. Amayi ankatero."

Za jenereta sanatchule, ndipo sanatchulebe mpaka lero. Bwenzi zili bwino akanandilalatira pamsika, ndikanapeza poyankhira.

Ndili mwana munkandiuza kuti mlongo wako akagogoda, yamba watsegula, mafunso pambuyo. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, koma mawu amenewo safuna sukulu. Ine amene ndimayenera kuyang'anira iye ndi ana ake, ndinasankha mpira.

Nsomba zija sindinadye. Zili m'dengu pamwamba pa kabati, ndipo mayi a Yohane asiya kundifunsa kuti aphike liti. Magetsi azimanso kawiri chichitikireni zimenezi. Maulendo onse awiri ndangokhala mumdima, kiyi wa loko ali m'thumba, kuopa kuti makinawo amvekanso kuseri kwa milambe.

Za nyumba zija sindinganame kuti zandichoka, mwina tidzakambirana ndikadzafika. Koma Loweruka lino jeneretayo ndiikweza pa wilibala, ndikankha ndekha ndi bondo lomweli, masana anthu akuona, ikakhale pafupi ndi filiji ya Esinati. Ndikamuuza ndi pakamwa panga kuti sinawonongekepo. Ndikabwerako ndiye ndidzadye nsomba zija.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale ndakuchititsani manyazi,

Matiyasi